Batani lizidziwa kuyankha chala

Maofesi a boma a m'zaka za m'ma 1970 munthu ankawadziwa ndi makutu asanalowemo n'komwe. Ku Zomba, likulu lisanasamukire ku Lilongwe mu 1975, ukangoponda pakhonde phokoso la mataipulaita linkakuchingamira: khathakhatha, khathakhatha, kabelu n'kulira kuti ngii, kenaka chonyamula pepala n'kukhuluka kubwerera koyambira mzere. Ife tinkakhala m'chipinda chimodzi chimene aliyense, ngakhale mesenjala, ankachitcha typing pool. Makalata a mabwana ankabwera olembedwa pamanja, ena zilembo zake zopindikapindika zosadziwika mutu wake, koma ankatuluka m'manja mwathu oyera, oongoka, ongodikira kusayinidwa.

Amayi amene ankatiyang'anira sankachita kuimirira kumbuyo kwa munthu kuti adziwe ngati ntchito ikuyenda. Ankangomvetsera ali pampando wawo. Wodziwa kutaipa makina ake amalira mofanana, osati kuthamanga apa n'kukatsimphina apo. Phokoso la mmodzi wa ife likayamba kudukizadukiza, ankadzutsa mutu n'kufunsa kuti, "Kodi mwanawe, kwagwanji kumeneko? Ndi riboni kapena malembedwe a bwana?" Kawirikawiri ankakhala atalasa.

Ntchitoyi ndinaiphunzira ku Blantyre ndili mtsikana. Aphunzitsi athu ankaphimba mabatani onse kuti tisaone zilembo, ndipo milungu yoyambirira sitinkalemba mawu ayi, koma asdf kumanzere ndi ;lkj kumanja, kubwereza ndi kubwerezanso mpaka zala zitadziwa malo ake. Mzere wapakatiwo ndi pamene zala zimapumira. Chala chikapita kukamenya chilembo kumtunda kapena kumunsi chimabwerera pomwepo. Maso ankakhala pa pepala limene ukukopera, osati pa makina. Mayeso athu anali a Pitman, ochokera ku England, ndipo liwiro ankaliyesa powerenga mawu pa mphindi imodzi, zilembo zisanu zilizonse n'kuzitenga ngati liwu limodzi. Wofika pa 35 ankati wayamba kudziwa. Wofika pa 50 ankayamba kulota zodzakhala sekilitale wa bwana wamkulu.

Makina amenewo ankafuna mphamvu. Batani lililonse linali ndi kamkono kake kachitsulo kokhala ndi chilembo kunsonga. Ukamenya batani, kamkonoko kankadumpha kukagunda riboni, riboni n'kusiya inki papepala. Ukamenya mwaulesi chilembo chinkatuluka chotumbuluka, ukapyola muyeso kadontho kotsekera chiganizo kankaboola pepala. Kachala kakang'ono kakumanzere ndi kamene kankaona zakuda, chifukwa a ndi wake, ndipo m'Chichewa chathuchi a ali paliponse; komweko kankayeneranso kukankha chitsulo chonse cha zilembo pofuna chilembo chachikulu.

M'maofesimo munali makina a Imperial ochokera ku Leicester, a Olivetti a ku Italy, a Olympia a ku Germany, ndi a Remington, kampani imene inayamba kugulitsa makina a kasanjidwe ka QWERTY kalekale m'ma 1870. Zilembo zinali pamalo amodzimodzi, koma kamvekedwe kake kuzala kanali kosiyana. Ena anali olimba, ena ofewa, ena batani linkatsika patali chilembo chisanagunde. Ngakhale makina awiri a mtundu umodzi sankafanana, poti aliwonse ankazolowera dzanja la mwini wake. Osesa akasinthanitsa makina athu madzulo, m'mawa tinkazindikira tisanamalize mzere woyamba. Mlimi sasankha khasu poliyang'ana. Amagwira mpini, n'kulitukula, n'kulitema pansi kamodzi. Nafenso tinali otero.

Ntchito imene inkaonetsa kuti munthu zala zake n'zophunzira inali yodula sitensulo. Kalata ikafunika kupita m'maboma onse, kaboni sankakwanira, poti kupyola makope anayi kapena asanu zilembo za pansi zinkangooneka mbuu. Ndiye tinkachotsa riboni panjira n'kulowetsa sitensulo, pepala lopyapyala lokutidwa ndi phula, kuti chitsulo cha chilembo chidule phulalo. Apa panalibe inki yokuonetsa bwino zimene walemba. Ukamenya pang'ono, inki ya pa makina osindikizira a Gestetner sinkadutsa, chilembocho n'kusowa pa makope onse. Ukamenya kwambiri, o ankadukiratu, kachidutswa kozungulira kapakati n'kugwa, ndipo pa pepala lililonse pankatuluka dontho lakuda bii pamene payenera kukhala o. Ukalakwitsa unkapakapo kamankhwala kofiirira konunkha mwakuthwa, n'kuuzira, n'kudikira kuti kaume. Mphamvu yoyenera inali pakatikati, ndipo palibe buku limene likanakuuza kuti ndi yochuluka bwanji. Chinkakuuza ndi chala, chifukwa chitsulo chikagunda bwino, kugundako kunkabwerera kudzera m'kamkono mpaka pansonga ya chala. Unkadziwa kuti chilembo chalowa usanachione.

Makina akavuta sitinkawataya. Kunkabwera makaniko ndi kachikwama kake, muli tibulashi, sipiriti, tipulayala ndi tisipuling'i tambirimbiri. Chilembo e chikayamba kukwera pamwamba pa zinzake, ankapinda kamkono kake pang'onopang'ono mpaka chibwerere mumzere. Kasipuling'i kakaduka ankaika kena. Pamene pavuta ndi pamene ankakonza, kwina konse osakhudzako. Ifenso Lachisanu lililonse tinkatokosa ndi kasingano zinyalala za inki zimene zinkamatirira m'kati mwa a, e ndi o, ndipo poweruka aliyense ankafunditsa makina ake. Taipulaita imene ndinaipeza ku Zomba inakwera nafe lole kupita ku Capital Hill, ndipo ndinadzaisiya ikugwirabe ntchito.

Kenaka kunabwera makina amagetsi. IBM Selectric inatuluka ku America mu 1961, koma ine ndinadzaigwira patapita zaka zambiri, pa desiki ya sekilitale wa bwana wamkulu. Inalibe timikono, inali ndi kampira konyezimira kokhala ndi zilembo zonse, kamene kankazungulira n'kujompha pepala. Mphamvu inachoka kuchala n'kupita ku mota, koma batani linkayankhabe. Makompyuta oyamba amene ndinawagwira, chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, anabwera ndi pulogalamu yolembera ya WordPerfect ya sikirini yabuluu, komanso kiyibodi yolemera pafupifupi makilogalamu 2, imene ndinadzamva pambuyo pake kuti dzina lake ndi Model M. IBM inayamba kuipanga chapakati pa zaka za m'ma 1980. Pansi pa batani lililonse panali kasipuling'i koimirira. Ukadina, kankapindika mwadzidzidzi kuti thwa, n'kumenyetsa kachipangizo kolowetsa chilembo. Kupindikako, kulirako ndi kulowa kwa chilembo zinkachitika nthawi imodzi. Anthu ambiri m'maofesi ankaopa kompyuta, koma ife a mataipulaita zala zathu zinailandira tsiku loyamba lomwe. Kampani ina yotchedwa Unicomp, ku Kentucky, inapitiriza kupanga makiyibodi a kasipuling'i kopindikako eni ake atasiya, ndipo ine sindidabwa kuti ogula alipobe.

Zinthu zinasintha pamene makompyuta anachuluka n'kutsika mtengo. Makiyibodi amene anayamba kubwera nawo anali opepuka, ndipo ukatsegula m'kati unkapeza chinsalu chimodzi cha labala chokhala ndi totukuka ting'onoting'ono, kamodzi pansi pa batani lililonse. Pa yoteroyo chilembo sichilowa mpaka batani litafika pansi penipeni n'kufinya chinsalucho. Chala chimangomira m'chinthu chofewa osadziwa kuti chafika pati, ndiye chimakanikiza mopitirira kuti chitsimikize. Ukatero tsiku lonse, madzulo mikono inkaphwanya mosiyana ndi kutopa kwa pa taipulaita. Chinsalucho chikakalamba mabatani ena ankalimba, ena n'kumakanirira, ndipo kunalibenso mmisiri wobwera ndi kachikwama. Batani limodzi likafa, kiyibodi yonse inkaponyedwa m'chipinda cha zinthu zakutha n'kutenga ina. Atsikana amene ankalowa ntchito nthawi imeneyo sankadziwa kuti pali chimene chatayika, ndipo ine ndinapuma ntchito ndikuganiza kuti makina oyankha chala apita basi.

Amene anandidziwitsa kuti sanapite ndi mdzukulu wanga wamwamuna, amene ali ku koleji ndipo patchuthi amakhala nane. Masana amalemba ntchito za kusukulu, nthawi zina n'kumataipirako anzake kuti apeze ya mayunitsi. Usiku amavala za m'makutu n'kumalimbana ndi anyamata anzake pa intaneti mu gemu yotchedwa Counter-Strike. Tsiku lina anabwera ndi foni yake kudzandionetsa zithunzi za makiyibodi owala mitundumitundu.

"Agogo, inu mwakalambira pa zimenezi. Ndasunga kandalama, koma ndi ka kiyibodi imodzi yokha. Ndikufuna yoti ndizisewerera gemu komanso kulembera. Ndigule iti?"

"Amuna anga, pa chithunzi ine sindingakusankhire. Pita ukabwereke kwa anzako, ndidzawagwire ndi manja angawa."

Wina akanati tsobola wakale sawawa, koma iye anapitadi, ndipo Loweruka lake pa tebulo langa lodyera panali patandandalika makiyibodi a anzake.

Anazula kachipewa ka batani limodzi ndi kawaya kopindika, ndipo pansi pake ndinaona kabokosi kakang'ono, pamwamba pali kamtanda kapulasitiki. Kabokosiko ndi swichi, ndipo batani lililonse lili ndi yakeyake, muli kasipuling'i ndi timalata tiwiri timene timakhudzana. Ndiyo imene anyamatawa amaitcha mechanical. Kapangidwe kameneka kanachokera ku kampani ya Cherry ku Germany m'zaka za m'ma 1980, ndipo lero makampani a ku China monga Gateron, Kailh ndi Outemu akupanga maswichi ofanana nawo pa mtengo wotsika, kamtanda kake kofanana moti zipewa zimalowerana. Batani limatsika mamilimita 4, koma chilembo chimalowa lisanafike pansi, litangotsika mamilimita 2. Nditamva zimenezo ndinakhala tsonga. Ndiye kuti chala sichiyenera kugunda pansi; chikhoza kubwerera chikangomva kuti chilembo chalowa. Chotsala n'chakuti chalacho chimva bwanji, ndipo zimenezo zimayendera mtundu wa kamtandako.

Ndinayamba ndi ya timitanda tofiira. Batani lake limatsika myaa kuchokera pamwamba mpaka pansi popanda chopinga, ndipo limangofuna mphamvu yolingana ndi magalamu 45. Mnyamatayo mtima wake unali pa imeneyi, ndipo atandionetsa mmene amasewerera ndinamumvetsa. Zala zake zakumanzere zimakhala pa W, A, S ndi D, munthu wa mu gemu n'kumapita kutsogolo, kumanzere, kumbuyo, kumanja. Amadina A, n'kusiya, n'kudina D, n'kubwereranso, kangapo usanaphethire. Kwa iye chopinga chilichonse n'chomuchedwetsa. Koma ine nditaika zala pa mzere wapakati n'kuyamba kalata, zilembo zosaitanidwa zinayamba kulowa. Wotaipa ndi zala zonse amazigoneka pa mabatani, ndipo batani lopepuka lopanda pokanira limatha kutsika ndi kulemera kwa chala chongopumula. Komanso silikuuza kanthu. Chilembo chimalowa mwakachetechete, iwe n'kumangopitirira mpaka kugunda pansi. Pali yakuda ya mtundu womwewu koma yolimbirapo, ya magalamu 60, imene imachepetsa zilembo zolowa mwangozi, koma kusayankhako n'chimodzimodzi.

Ya timitanda tabuluu inanditenga mtima nditangoikhudza. Batani likatsika pang'ono limakana, kenaka n'kudumpha kuti kete, ndipo chilembo chimalowa pomwepo. Ndinalemba ndime yathunthu maso ali pawindo. Ndikanakhala kuti ndikudzisankhira ndekha, nkhani ikanathera pamenepo. Koma mwini ndalama anandionetsa pamene imamuvutira: kuti batanilo lilembenso kachiwiri liyenera kukwera kaye kupyola pamene linalirira, choncho wofuna kudina batani limodzi mobwerezabwereza mwamsanga amaphonya kwina. Ndiye palinso phokoso. Mu typing pool phokoso linali la tonse, ndipo linkatha tikaweruka. M'chipinda cha ku koleji chogona anyamata angapo, kapena m'nyumba mwanga muno mmene makoma ake safika kudenga, kete kete wa pakati pa usiku ndi mlandu. Ngakhale anzake a mu gemu amamumva kudzera pa maikolofoni.

Yotsalayo inali ya timitanda tabulauni. Imeneyi ili ndi pokanira monga yabuluu ija, koma ilibe kolira. Kwa munthu wokulira pa Olympia kukanako n'kochepa, ndipo ndimawamvetsa amene amati sikumveka ukamataipa mothamanga. Koma kulipo. Chala chopumula chimaima pamenepo osagwera, ndipo chala chogwira ntchito chimamva kuti chadutsa. Mnyamatayo anaisewerera gemu usiku umenewo, m'mawa n'kundiuza kuti, "Agogo, siyothamanga ngati yofiira ija, koma palibe pamene anandiwombera chifukwa cha iyo." Ine ndinamuuza maganizo anga mosapita m'mbali: wongosewera atenge yofiira, wongolemba amene ali ndi chipinda chakechake atenge yabuluu, koma wa kiyibodi imodzi ndi ntchito ziwiri atenge yabulauni. Ndinaonjezanso kuti maola amene amalemba ndi amene adzamudyetse, choncho pakakhala kukayika, kulemba kupambane. Apo sanayankhe msanga.

Anatchulako za makiyibodi atsopano a maginito, monga a Wooting a ku Netherlands, amene mwini wake amasankha yekha kuti chilembo chizilowa batani litatsika pati, posewera n'kuika pafupi, polemba n'kuika patali. Nzeru yake ndi yabwino ndithu, koma mtengo wake si wa mwana wa sukulu, ndipo ambiri mwa iwo nawonso amatsika myaa osayankha chala.

Pa nkhani imodzi mphunzitsi anali iye. Pa taipulaita, kumenya mabatani awiri nthawi imodzi kunali kulakwa kwakukulu. Timikono tiwiri tinkakumana pafupi ndi riboni n'kukolana, ndipo unkayenera kutilekanitsa ndi zala, zala n'kuda inki, inkiyo n'kudetsa kalata ya bwana. Maphunziro athu onse anali oti chala chimodzi chichoke chinzake chisanafike. Gemu imafuna zosiyana ndi zimenezo. Ndinamuyang'anitsitsa dzanja: chala chapakati chakanikiza W, chamkombaphala chili pa D, kachala kakang'ono kagwira Shift, chala chachikulu chikumenya batani lalitali lija kuti munthu wake adumphe, zonse nthawi imodzi. M'makiyibodi otchipa a mu ofesi mabatani amagawana njira za magetsi, moti ena atatu akadinidwa pamodzi, lachitatulo silimveka, kapena kumalowa lina limene sunalikhudze. M'makiyibodi abwino amaika kachipangizo kotchedwa diode pa swichi iliyonse kuti batani lililonse limveke palokha, ndipo pa bokosi amalemba kuti N-key rollover. Kuyesa kwake n'kosavuta: tsegula polembera, kanikiza mabatani ambiri pamodzi ndi manja onse awiri, uone ngati onse atuluka. Ngakhale wotaipa mothamanga zimamuthandiza, poti zala zikafulumira, china chimatsika chinzake chisanakwere.

Pa kukula kwake tinakanganapo. Kiyibodi yathunthu ili ndi mabatani 104 kapena 105, kuphatikizapo a manambala a kudzanja lamanja. Osewera sawafuna a manambalawo chifukwa amadya malo a mausi, ndipo ena amafika pogula timakiyibodi ta mabatani ngati 61, topanda mivi, topanda mzere wa F. Kameneko ndinamukaniza kwamtuwagalu. Wolemba amabwerera m'mbuyo kukakonza, amadumpha kupita koyambira mzere, amafufuta. Mivi, Home, End ndi Delete zikabisika pansi pa mabatani ena, ntchito ya chala chimodzi imasanduka ya ziwiri. Tinagwirizana pa yapakati, yochotsa manambala okha, ya mabatani 87 kapena 88. Akanakhala kuti akuphunzira za maakaunti ndikanamuumiriza yathunthu.

Kusiyana kwa 87 ndi 88 nakonso si kwachabe. Ife tinaleredwa pa kasanjidwe ka ku Britain: pa kompyuta Enter wake ndi wamtali woimirira, chizindikiro cha £ chili pamwamba pa 3, zizindikiro zogwira mawu pamwamba pa 2. Makiyibodi ambiri oitanitsa kunja amabwera m'kasanjidwe ka ku America, Enter wake wogona, @ ali pa 2. Palibe choipa pa ziwirizi, koma munthu asankhe chofanana ndi laputopu yake ndi makompyuta a kusukulu, kuti zala zisamasinthe chizolowezi kawiri pa tsiku. Kwa ife olemba Chichewa palinso kaphindu kena. Kale dzina la dziko lino tinkalitaipa ndi w wamba, kenaka n'kujambula kadenga pamwamba pake ndi cholembera, poti malamulo a kalembedwe a Chichewa Board ankafuna ŵ. Pa Windows, ukasankha kasanjidwe kotchedwa United Kingdom Extended, kudina AltGr pamodzi ndi 6 kenaka w kumatulutsa ŵ bwinobwino. Anakonzera anthu a ku Wales, amene chilankhulo chawo chili ndi chilembo chomwechi, koma nafenso chikutikomera.

Zipewa za mabatani ndinaziyesa ndi chikhadabo. Zambiri ndi za pulasitiki yotchedwa ABS, imene imayamba kuterera ndi kunyezimira ikagwiridwagwiridwa. Za PBT n'zokhakhala pang'ono ndipo zimakhalitsa zili choncho, zimene zimathandiza zala zikamatuluka thukuta mwezi wa Okutobala. Ndinamuuza kuti afunsenso ngati zilembo zake n'zongopaka pamwamba kapena n'zoumbira m'kati, chifukwa pa zopakazo W, A, S ndi D ndi amene angayambe kufufutika. Za nyali zowalawala sindinamuletse, ndi zaunyamata. Ndinangoti asalipire ndalama yoonjezera chifukwa cha izo, poti amene akudziwa pamene pali zilembo safuna nyali. Pamene ndinalimbikira ndi pa chingwe. Yopanda chingwe imafuna kutchajidwa, ndipo kuno magetsi akazima n'kudzabwera, pali kale zinthu zambiri zolimbirana soketi. Chingwecho chikhale chozuka, cha USB-C, kuti chikaduka akagule china pamsika.

Koma chimene chinandisangalatsa koposa zonse ndi chimene iwo amachitcha hot-swap. Pa makiyibodi ena maswichi amakhala owotcherera, ndipo imodzi ikafa pamafunika mmisiri wa mtovu. Pa ena amangobayidwa m'timabowo, moti ndi kachitsulo kokokera umazula imodzi n'kubayapo ina. Kuno kwathu, kumene chinthu chotere umachiitanitsa ku Joni kapena ku China n'kudikira milungu, ndipo chikavuta kulibe kokachibweza, imeneyi ndi nkhani yaikulu kuposa dzina la kampani. Opanga maswichi amati imodzi imapirira kudinidwa ka 50 miliyoni, ena mpaka 100 miliyoni, koma fumbi la mwezi wa Seputembala ndi tiyi wotayikira sizidikira kuti chiwerengerocho chikwane. Ndinamuuza kuti aonjezere pang'ono agule yozula maswichi, aitanitsirenso maswichi angapo apadera. Ndipo ngati chaka chikatha aona kuti abulauni sakumukwanira, adzasintha maswichi okha, kiyibodi n'kukhala yomweyo.

Anagula yotero: ya mabatani 88, maswichi abulauni, ya chingwe. Ndinamusokera chofunditsira ndi kachitenje kotsala. Patchuthi chomwecho ndinagwira naye ntchito ina, yomubweza dzanja lamanzere. Gemu inamuzolowetsa kuika chamkombaphala pa D, pomwe wotaipa amachiika pa F, ndiye polemba dzanja lake lonse linkakhala litasendera kumanzere ndi batani limodzi, ndipo ankataipa ndi zala zitatu maso ali pansi. Ndinamugwiritsa timizere totukuka timene tili pa F ndi pa J, timene anali asanatizindikirepo, n'kumuphimba manja ndi kansalu, tinayamba asdf. Poyamba ankadandaula kuti akuchedwa kuposa kale. Pobwerera kusukulu n'kuti akulemba maso ali pa sikirini.

Patchuthi china anabwera akuti W wayamba kudumphadumpha, nthawi zina kulemba kawiri. Maswichi apadera aja anali atawasiya ku koleji. Anazula chipewa cha W, n'kuzula swichi yake, kenaka anafufuza batani limene salidina konse, Scroll Lock, n'kuzula ya pamenepo n'kuibaya pa W. Ntchito yonse sinathe mphindi zisanu, ndipo madzulo omwewo anandilembera pa kiyibodiyo kalata yanga yopita ku ofesi ya penshoni.